Kulawa Nkwina, Kumwa Nkwina

Mawu akuti vinyo si athu. Adachokera kwa Apwitikizi, amene m'chinenero chawo amati vinho, ndipo adakwera ndi mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi mikanda, nsalu ndi mfuti mpaka kudzafika m'kamwa mwa makolo athu. Mbale wake wa mawu amenewa ndi kachasu, amenenso adadzera kwa Apwitikizi omwewo. Koma taonani mmene abale awiriwa adalekanirana. Kachasu adalowa m'mudzi nakhazikika, kotero kuti lero palibe mwana wa kwa Chadza kapena kwa Chiseka amene salidziwa fungo lake, pamene vinyo adatsalira m'tchalitchi, m'Baibulo ndi m'mahotela a m'tauni. Ambiri a ife tidamudziwira vinyo pa nkhani ya ukwati wa ku Kana tisanamuone ndi maso.

Masiku ano zinthu zasinthako. Munthu akalowa m'masitolo akuluakulu a mumzinda wa Lilongwe amapeza mabotolo a vinyo atandandalikidwa m'mashelefu, ambiri ochokera ku South Africa, koma ena owerengeka ochokera ku France ndi ku Spain, ndipo mwa amenewa alipo amene mtengo wake ungapikisane ndi wa thumba la feteleza. Anyamata ndi asungwana athu a ku Mitundu ndi ku Nathenje amene atsiriza Fomu 4, akapita kukafuna ntchito m'mahotela ndi m'nyumba zodyera, adzawagwira mabotolo amenewa ndi manja awo, adzawatsekula, nadzathirira alendo. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kuti mphunzitsi kapena kholo akambe ndi mwana za chakumwa chotere, kapena tingoti izi nza azungu ndi anthu olemera, ife sizitikhudza? Maganizo anga ndi akuti tiyenera kukamba. Sindikunena kuti ana athu aphunzire kumwa ayi, pakuti kumwa sikusowa mphunzitsi. Mabenchi a m'misika yathu ndiwo mboni. Chimene chimasowa mphunzitsi ndi kulawa, pamodzi ndi nzeru zimene zili kuseri kwa botolo.

Tiyambe ndi mmene katswiri amalawira vinyo wofiira. Sadzaza tambula. Amathira pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, m'tambula ya mwendo yopanikiza kukamwa. Poyamba amaipendeketsa pamwamba pa nsalu yoyera kuti aone mtundu wake: vinyo watsopano amakhala wofiira moderako, pamene wokhalitsa amayamba kumbuwa m'mbali nafanana ndi njerwa yootcha. Kenaka amaizunguza tambulayo kuti mpweya ulowe, nalowetsamo mphuno. Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, pakuti lilime la munthu limangodziwa zochepa, monga kutsekemera, kuwawasa, kuwawa ndi mchere, ndipo zambiri zimene timazitcha kukoma zimadzera m'mphuno. Aliyense amene adadwalapo chimfine adziwa mmene ndiwo zonse zimasandukira madzi. Pomaliza amamwa pang'ono, nazunguza m'kamwa, namva kuwawasa kwake, kulemera kwake, ndi kanthu kaja komanga m'kamwa monga imachitira nthochi yosapsa kapena tiyi wochuluka masamba. Kameneka kamachokera m'makungu ndi m'njere za mphesa, ndipo ndi kamene kamathandiza vinyo wabwino wa ku Bordeaux kusungika zaka 20 kapena 30 osaonongeka. Akatha zonsezi amalavula. Inde, amalavula ndithu, ngakhale botololo likhale la ndalama zochuluka chotani, chifukwa munthu amene ayenera kulawa mitundu yambirimbiri pa tsiku sangameze nkukhalabe ndi mutu wake. Nchifukwa chake pamalo olawirapo vinyo sipasowa zinthu ziwiri: cholavuliramo ndi kope lolembamo.

Nanga nchiyani chimene chimakweza mtengo wa botolo? Bordeaux ndi mzinda wa kumwera chakumadzulo kwa France, kufupi ndi nyanja ya Atlantic. Kumpoto kwake kuli dera lotchedwa Médoc, limene mbali yaikulu idali chithaphwi mpaka pamene akatswiri a ku Holland adakumba ngalande zochotsera madzi m'zaka za m'ma 1600. Nthaka yake ndi ya nsangalabwi, yoti mlimi wa kwathu ataiona sangatayepo mbewu yake ya chimanga. Koma mpesa ndi mtengo wodabwitsa: m'nthaka yachonde umachulukitsa masamba ndi zipatso zamadzimadzi, pamene m'nthaka yosauka umazamitsa mizu nubereka zipatso zochepa koma zodzala ndi kukoma. Kumeneko amalima makamaka mitundu iwiri ya mphesa, Cabernet Sauvignon ndi Merlot, naisakaniza. M'chaka cha 1855, pokonzekera chionetsero chachikulu cha ku Paris, mfumu Napoleon III idafuna mndandanda wa vinyo wopambana wa ku Bordeaux. Amalonda a vinyo adagawa minda m'magulu 5 potsata mitengo imene vinyo wa munda uliwonse adakhala akugulidwira kwa zaka zambiri. M'gulu loyamba mudalowa minda 4 yokha: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Kuchokera nthawi imeneyo kusintha kwakukulu kudachitika kamodzi kokha, mu 1973, pamene munda wa Mouton Rothschild udakwezedwa kulowa m'gulu loyambalo.

Kunena zoona, mndandanda woterewu ine sindiuyamikira kwenikweni. Munda umene udali wabwino m'masiku a agogo a agogo athu ukhoza kugwa m'manja mwa mlesi, ndipo wina wa m'gulu lachisanu ukhoza kupeza mlimi wakhama. Koma mndandandawo uli phee ngati mwala. Chimene ndimagoma nacho nchina. Amalonda aja adatha kulemba mndandandawo chifukwa m'mabuku mwawo mudali mitengo ya munda uliwonse, chaka ndi chaka. Kodi ndi mabanja angati pakati pa Nathenje ndi Mitundu amene angatulutse kope loonetsa kuti munda wakuti udatulutsa matumba angati a mtedza zaka 10 zapitazo, mvula idagwa bwanji, ndipo mbewu yake idali iti? Timakumbukira chaka cha njala ndi chaka cha dzombe basi. Ku Burgundy, kum'mawa kwa France, kumene amalima mphesa za Pinot Noir, amonke a m'nyumba za chipembedzo adakhala zaka mazanamazana akulima minda yomweyomweyo ndi kuzindikira kusiyana kwa kamunda aka ndi kaja, mpaka kamunda kalikonse kadakhala ndi dzina lake. Botolo limodzi la kamunda kotchedwa Romanée-Conti, la chaka cha 1945, lidagulidwa pa okushoni ku New York mu 2018 pa mtengo wa madola 558,000. Kumeneko nkupenga kwa anthu olemera, ndipo sitikuuza munthu kuti akusirire. Koma wogula uja adalipira dzina la kamunda ndi chaka.

Nkhani ya ku Spain ndi yoti mlimi aliyense angaimve msanga. M'zaka za m'ma 1860 kachirombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kadalowa m'minda ya mphesa ya ku France nikayamba kudya mizu. Minda yambirimbiri idauma. Amalonda a ku Bordeaux, posowa vinyo wogulitsa, adawoloka mapiri a Pyrenees kupita ku dera la Rioja, m'mbali mwa mtsinje wa Ebro, kumene kachiromboko kadali kasanafike. Luso la ku Bordeaux losunga vinyo m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225 lidafalikira kumeneko, ndipo tauni ya Haro idatukuka chifukwa cha malonda amenewa. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mankhwala a kachiromboko atapezeka adali chinthu chimene mwana aliyense wophunzira zaulimi amachidziwa: kumezanitsa. Adatenga nthambi za mpesa wa ku Europe nazilumikiza pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira kachiromboko, monga momwe timachitira ndi mango ndi malalanje. Mpaka lero minda yambiri ya mphesa ya ku France ndi ku Spain yaima pa mizu ya ku America. (Ndipo inu alimi a m'madimba amene mumapopera mankhwala a kopa pa tomato, dziwani kuti nzeru yopopera kopa wosakaniza ndi laimu idatulukira m'minda ya mphesa ya ku Bordeaux komweko m'zaka za m'ma 1880.)

Mphesa yaikulu ya ku Rioja ndi Tempranillo, ndipo botolo la kumeneko limanena lokha zaka zake. Likalembedwa kuti Crianza, ndiye kuti vinyo wofiirayo wasungidwa zaka 2, chimodzi mwa izo mu mgolo. Reserva ndi zaka 3. Gran Reserva ndi zaka 5, ndipo zosachepera 2 zikhale za mu mgolo. Mawu amenewa munthu sangawalembe mwa kufuna kwake. Pali bungwe loyang'anira limene limapereka chidindo. Taganizani za munthu amene wakolola chaka chino koma ndalama yake adzaiona patapita zaka 5. Ife kuno fodya timamugulitsa kwa mavenda asanaume bwino, ndipo chimanga timachipinyolitsa chikadali m'munda. Sindikunyoza, pakuti njala ndi fizi ya mwana sizidikira. Koma tizindikire kuti mbali ina ya mtengo wa botolo lija ndi malipiro a kudekha.

Tsono pali mbali ina imene wogulitsa vinyo sangakuuzeni. Mu 1976 Mngelezi wina wogulitsa vinyo ku Paris, Steven Spurrier, adaitana akatswiri a ku France kuti alawe vinyo wa kwawo pamodzi ndi wa ku California, mayina a mabotolo atabisidwa. Pa vinyo wofiira adapambana wa ku California, wa munda wa Stag's Leap, kuposa Mouton Rothschild ndi Haut-Brion, ndipo oweruzawo adali Afalansa eni ake. Mu 2001 wofufuza wina ku yunivesite ya Bordeaux, Frédéric Brochet, adapatsa ophunzira za vinyo 54 vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo, ndipo iwo adamufotokoza ndi mawu ofotokozera vinyo wofiira. Ku America, munthu wina dzina lake Rudy Kurniawan adagamulidwa mu 2014 kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa chothira vinyo wotsika mtengo m'mabotolo a mayina otchuka ndi kugulitsa kwa anthu olemera, amene adamwa nayamikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Motero mwana wathu akaona bwana akununkhiza tambula ndi kugwedeza mutu asaganize kuti pali matsenga. Luso lolawa lilipo ndithu, koma maso ndi mtengo zimanamiza lilime, ndipo ambiri amene amadzitama ndi botolo la ku France sangalisiyanitse ndi la ku Cape atawaphimba kumaso.

Ndiponso luso limeneli si lachilendo kwa ife. Mayi wofulula mowa wamasese amayamba ndi kusankha chimera, nadziwa ndi mphuno ngati chamera bwino kapena chayamba nkhungu. Pa tsiku lililonse la kufulula amalawa, ndipo ndi iye amene amanena kuti mowa wapsa kapena ugonenso. Alibe chida choyezera kutentha, alibe buku, koma pa mudzi aliyense amadziwa kuti mbiya ya kwa mayi uje siifanana ndi ya kwa mayi uje. Mowa ukatuluka pabwalo, mwini wake amayamba kulawa pamaso pa anthu kuti alendo amwe ndi mtima wokhazikika. Nanga wosankha fodya m'chigafa? Amagwira tsamba, naliyang'ana pa kuwala, nalinunkhiza, nadziwa ngati ndi lam'munsi, lapakati kapena lakunsonga, naliika pa mulu wake. Ntchito yake ndi yomweyo ya wolawa vinyo, kungoti wina wavala tayi. Chosangalatsa nchakuti akatswiri a ku Europe, pofotokoza vinyo wokhalitsa wa ku Bordeaux kapena ku Rioja, amakonda kunena kuti akumva fungo la tsamba la fodya. Mwana wokulira m'chigafa cha ku Mitundu amalidziwa fungo limenelo kuposa munthu wa ku Paris. Nchifukwa chake ndimati wophunzira ntchito ya m'hotela asangoloweza mayina a zipatso za ku Europe zimene sadazionepo. Aloweze kuti akhoze mayeso, inde, koma m'kope mwake alembe zimene mphuno yake ikumuuza: jambula, nthudza, chidede, utsi wa nkhuni, fungo la dothi mvula yoyamba itagwa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka aphunzitsi ndi akulu a mpingo, mwayamba kale kukwinya nkhope. Dera lathu lili m'mphepete mwa Nkhoma, ndipo Sinodi ya Nkhoma siilola akhristu ake kumwa kapena kufulula mowa. Sindikutsutsana nawo, pakuti zimene adaziona m'midzi ifenso taziona. Tidaona mmene timapaketi ta mowa waukali tidalowera mpaka m'matumba a ana a sukulu, kufikira boma lidatiletsa mu 2015. Ndiponso nthano ija yakuti tambula ya vinyo wofiira tsiku lililonse imalimbitsa mtima isakunamizeni: bungwe la zaumoyo la dziko lonse lidanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosaopsa ku thupi. Vinyo wofiira ali ndi ukali wa magawo 12 mpaka 15 pa 100 alionse, kuposa mowa wa m'mabotolo umene tidauzolowera, ndipo chidakwa cha Bordeaux nchidakwa basi. Koma kukhala chete sikutchinjiriza mwana. Malonda a zakumwa ali pakati pathu kale: fakitale ya Carlsberg imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 idagulidwa mu 2016 ndi kampani ya Castel, imene idayamba ndi malonda a vinyo ku Bordeaux komweko mu 1949. Mwana amene waphunzira kuona chakumwa ngati mbewu, ntchito ndi malonda ali ndi chida choposa cha mnzake amene adangouzidwa kuti ndi tchimo, nakachipeza yekha kuseri kwa golosale. Ndipo amene chikhulupiriro chake sichimlola ngakhale kulawa, phunziro lalikulu la nkhaniyi silifuna kuti anyowetse milomo.

Phunzirolo ndi dzina la malo. Afalansa sadabadwe oona mtima kuposa ife. Kachirombo kaja katawononga minda, dziko lidadzala ndi vinyo wachinyengo wa madzi ndi shuga, mpaka mu 1907 alimi a kumwera kwa France adachita zionetsero zazikulu podandaula kuti chinyengocho chagwetsa mitengo. Pang'onopang'ono adakhazikitsa malamulo, ndipo mu 1935 padabwera lamulo loteteza mayina a madera: kuti vinyo atchedwe ndi dzina la dera lakuti, ayenera kuchokera m'malire akuti, ku mphesa za mtundu wakuti, zokololedwa mosapitirira muyeso wakuti. Wophwanya amalandidwa dzinalo. Ifenso mayina otere tili nawo. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo, chambo cha ku Mangochi, kachewere wa ku Dedza ndi ku Ntcheu: wogula akamva dzina amatulutsa ndalama. Koma ndani amene sadagulepo thumba lotchedwa Kilombero, nakapeza kunyumba kuti fungo lili pamwamba pokha?

Nanga ife a kumwera kwa Lilongwe, dzina lathu lili pa chiyani? Mphesa za vinyo nzovuta kuno, chifukwa mvula yathu imagwa nthawi yotentha, pamene mphesa zimafuna dzuwa louma kuti zipse popanda nkhungu. Ku Dodoma, ku Tanzania, kumene nkouma, amalima mphesa napanga vinyo. Ndipo mumzinda wa Lilongwe kampani ya Linga imapanga vinyo wa zipatso monga jambula, mabulosi, magwafa ndi chidede. Wofuna njira imeneyo aifufuze, ndipo koleji ya Bunda, imene idasanduka yunivesite ya LUANAR mu 2012, ili pakhomo pathu penipeni. Koma chuma chimene tili nacho kale m'manja ndi mtedza. Nthaka yathu ya katondo imaubereka bwino, ndipo akuluakulu akukumbukira nthawi imene Chalimbana wa dziko lino ankafunidwa ku Europe chifukwa cha kukula ndi kukoma kwake. Chimodzi mwa zimene zidatitsekera misika imeneyo ndi chuku, nkhungu yapoizoni imene imamera pa mtedza wosauma bwino. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika m'makomo: mtedza umawazidwa madzi kuti usavute kuswa ndiponso kuti ulemere pa sikelo, mitundu itatu imathiridwa m'thumba limodzi, wofufuzidwa ndi wonyala umabisidwa pansi. Pa fodya ndi chimodzimodzi, belo lokongola kunja koma m'kati muli zinyalala, ndipo likabwezedwa ku Kanengo timati ogula ndi ankhanza. Amene wachita izi amapindula makwacha ochepa lero, koma amene walipira ndi mudzi wonse, pakuti wogula sakumbukira nkhope ya mlimi. Amakumbukira msika umene adagulako.

Apa ndi pamene ndikuona ntchito ya inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukadali pamudzi. Makalabu ndi makopaletivi a alimi alipo kale m'dera lathu, koma ambiri amasowa munthu wolemba. Kalabu ya alimi 20 ikhoza kugwirizana kubzala mtundu umodzi wa mtedza, kuumitsa mpaka njere ilire m'chikhokho, kuswa popanda madzi, ndi kulemba pa thumba lililonse dzina la mudzi, mtundu wa mbewu ndi chaka chokolola. Mphunzitsi wa zaulimi akhoza kuyamba ndi chinthu chaching'ono m'kalasi: akazinge mtedza wa mitundu itatu, aubise mayina monga adachitira Spurrier, ana alawe ndi kulemba zimene akumva, kenaka ayerekeze makope awo. Chovuta kwenikweni chidzafika pa tsiku losonkhanitsa matumba. Ku Rioja bungwe lija lili ndi mphamvu yokana vinyo wa munthu aliyense, ndipo kalabu yathu nayonso iyenera kusankha wosankha mmodzi amene mawu ake ndi otsiriza. Tsiku lina pa sikelo padzafika thumba lonyowa la amalume ake, kapena la a nyakwawa, ndipo mamembala ayenera kugwirizaniratu mbewu isanalowe m'nthaka kuti thumba limenelo lidzabwerera kunyumba.